Chiphapha Chimene Alamu Anandiponyera

Amuna anga anali makaniko ku Ndirande. Galaja yawo inali kuseri kwa msika, kufupi ndi amisiri okhoma mbaula ndi ndowa. Mpanda wake unali wa zitseko za magalimoto akufa, denga linali theka, ndipo pakati panali dzenje limodzi lolowera kunsi kwa galimoto. Ine ndinkasoka zovala pakhonde la nyumba yathu ya lendi ku Chilomoni. Za injini sindinkadziwa kanthu kupatula fungo limene linkatsalira m'manja ndikachapa ovololo yawo.

Chaka cha referendamu anabwera ndi kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, kokokedwa ndi chingwe. Anakapeza kwa mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, amene ankathamanga nako pa mipikisano ya m'misewu yafumbi, ndipo injini itayamba kugogoda anangokasiya pansi pa mtengo. Kanali ndi tebo, chipangizo chooneka ngati nkhono chimene chimakankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu zoposa msinkhu wake. Amuna anga anakakonda kagalimotoko mpaka ine kuchita nsanje.

"Amayi, tebo ili ngati kapitawo wokusenzetsa matumba awiri pamene unazolowera limodzi," ankandiuza choncho. "Mutu umavomera, koma chimene chimathyoka ndi miyendo. Ndikufuna ndiyambe ndalimbitsa miyendo."

Miyendo imene ankanenayo ndi zitsulo za kunsi kwa injini. Kuli kiranki, chitsulo chokhotakhota chimene chimazungulira n'kupereka mphamvu ku matayala. Kuli makonirodi, timikono tolumikiza mapisitoni ku kirankiyo, ndiye mabering'i ndi mabawuti ogwira zonsezo. Atamasula injiniyo anapeza konirodi imodzi itapsa mpaka kuchita bii, mabawuti atatamuka. Zakalezo anaziponya m'mgolo wa zitsulo zotayidwa. Mnzawo woyendetsa thiraki anawabweretsera makonirodi onenepa, mapisitoni ndi mabawuti atsopano kuchokera ku Joni, ndipo zonsezo pamodzi ndi kiranki anakazisiya kwa achikulire ena a ku Nsanje, amene ankapala zitsulo pa makina ku Ginnery Corner, kuti aziyeze ndi kuzisalaza.

Asanazitengenso anayamba kutsokomola. Chifuwacho chinawadya pang'onopang'ono, ndipo manja ndi amene anayamba kutha. Mutu unali bwinobwino, makutu ankamva injini ili kutali n'kunena chimene chavuta, koma bawuti sankatha kuimasula. Ndinasiya makina osokera n'kuyamba kupita nawo ku galaja. Iwo ankakhala pa tayala atafunda jekete, ine n'kumagwira sipanala. Anandiphunzitsa kutsuka zitsulo m'parafini, kuyeza mipata, ndi kumanga mabawuti ndi sipanala yaitali ija imene imalira kuti tcha ukafika pa mphamvu yoyenera. Makasitomala ankayamba aseka, koma galimoto zawo zikalira bwino ankabweranso. Tinakhala choncho kupitirira chaka. Sindinawakondepo amuna anga monga mmene ndinawakondera nthawi imeneyo, ali pa tayala paja akundikalipira kuti ndathina mopitirira.

Anamwalira m'nyengo yozizira, ndipo tinakawaika kwawo ku Chiradzulu. Nditabwerako ndinapeza pa geti ya galaja pali loko wina.

Amuna anga anali ndi mkulu wawo, amene anali ndi minibasi imodzi yoyenda pakati pa Ndirande ndi Limbe. Pa matenda onse alamu amenewa anabwera kudzazonda kamodzi, ndipo sanakhale n'komwe pansi. Koma maliro atangotha anafika ku Chilomoni ndi lole. Ananyamula bedi, wailesi, mipando, ngakhale makina anga osokera, amene ndinabwera nawo m'banjamo ndine. Anati zonse ndi thukuta la m'bale wawo. Mwana wanga wamkazi anagwira mwendo wa makinawo akulira, iwo anamuchotsa zala chimodzichimodzi. Tinasamukira ku Machinjiri kwa achimwene anga, ndipo ndinayamba kugulitsa kaunjika m'mbali mwa msewu ku Ndirande.

Tsiku lina ndinapita ku galaja kukapempha ovololo ya malemu yokha. Ndinapeza alamu atavuula m'mgolo makonirodi akale aja ndi mabawuti ake, akuwapukuta ndi nsanza. Kiranki anali atapeza ina kwa ogulitsa zitsulo zakale. Ankafuna kumanga injini ya kagalimoto kofiira. Sindinafune kuti chinthu chimene amuna anga anachikonda chiwonongeke, choncho ndinalankhula.

"Alamu, zitsulo zimenezo abale anu anazikana. Sizingapirire tebo."

Pagalajapo panali amuna angapo, ena makasitomala athu akale. Alamu sananditembenukire. Analankhula ndi anthuwo.

"Mukumumva mfiti uyu? Wamaliza m'bale wanga, tsopano akufuna kundiphunzitsa ntchito." Kenako anandiyang'ana. "Iwe, kuno si kwa azimayi. Ukabweranso ndikuthira oyilo wakuda."

Kuyambira tsiku limene ndinakwatiwa anali asananditchulepo kuti iwe. Amuna aja anayang'ana pansi, wina anaseka pang'ono. Ndinatuluka wopanda ovololo. Panjira ndinalumbira kuti pakamwa panga sipadzatulukanso mawu owathandiza, ndipo za zitsulo zimene zinali ku Ginnery Corner sadzazimva kwa ine.

Masiku amenewo misonkhano ya zipani sinkatha. Alamu anadziphatika kwa bwana wina wa chipani, ndipo atamanga injiniyo anapaka kagalimotoko utoto wa chipanicho, n'kumanga mbendera uku ndi uku. Ndinamva kwa anthu kuti anapotokolanso tebo kuti izikankha mpweya wochuluka kuposa kale, ati kuti anthu amve kulira kwake ali ku Nyambadwe. Ndinkangoyala malaya anga pa pulasitiki n'kumadikira.

Linali Loweruka masana, dzuwa lili pamutu. Mdipiti wa magalimoto a chipani unatulukira kumtunda, malole odzaza amayi oimba, ndipo patsogolo penipeni panali kagalimoto kaja, alamu atatulutsa chigongono pawindo. Atafika pamene panali anthu ambiri anaponda mafuta kuti aonetse. Injini inakuwa, tebo inaimba mluzu, kenako kunamveka phokoso ngati munthu waponya mpiringidzo m'chigayo. Utsi unatuluka kunsi, oyilo anakhuthukira pa tala, ndipo kagalimotoko kanaima pakati pa msewu, malole onse n'kuima pambuyo pake. Konirodi inali itathyoka n'kuboola buloko, thupi la injini, bowo loti nkhonya n'kulowa.

Bwana wa chipani anatsika n'kuwalalatira alamu pamaso pa Ndirande yense. Anyamata a chipani anakankhira kagalimotoko m'ngalande, n'kuzula mbendera zawo, mdipiti n'kupitirira. Alamu anatsala ataima m'oyilo ndi nsapato zawo zoyera. Ine ndinali tsidya lina la msewu. Ndinaphimba pakamwa ndi chitenje, koma mapewa ankagwedezeka, ndipo mayi woyandikana nane anaganiza kuti ndikulira. Aka kanali koyamba kuseka chimwalirire amuna anga.

Komabe mtima sunakhute. Kuwaona atachita manyazi tsiku limodzi sikunabweze makina anga, ndipo sikunafafanize mawu aja oti mfiti.

Achimwene anga anali akukakamiza ankhoswe kuti pakhale zokambirana za katundu wa malemu. Tinakumana ku Bangwe, kunyumba kwa nkhoswe ya kuchimuna. Alamu anakana chilichonse. Bedi anati anapatsa apongozi anga, makina anati anawonongeka. Ankhoswe atalimbikira kuti mayi wamasiye sangachoke chimanjamanja, iwo anaseka.

"Akufuna chuma cha amuna awo? Atenge chiphapha chija chili m'ngalande. Azigonamo."

Achibale awo anaseka nawo. Achimwene anga anafuna kudzuka, ine ndinawagwira malaya.

"Pepani, sindinamve bwino," ndinatero nditagwada. "Alamu akuti galimoto ija ndi yanga?"

"Ndi yako, ndi matayala omwe."

"Ankhoswe mwamva?"

Onse awiri anavomera kuti amva.

Tinakakoka chiphaphacho mpaka ku Machinjiri n'kuchiika pansi pa mtengo wa mango, m'mphepete mwa munda wa achimwene. M'mawa mwake ndinapita ku Ginnery Corner. Achikulire aja ananditenga kuseri kwa makina awo, n'kutulutsa zitsulo zitakulungidwa m'mapepala a simenti, zopakidwa girizi, zopanda dzimbiri ngakhale pang'ono.

"Ndimadziwa kuti kubwera munthu," anatero. "Ndimangopempha Mulungu kuti asakhale mkulu wake uja. Mukufuna kugulitsa, mayi?"

"Ayi, bambo. Ndikufuna kumanga."

Anandiyang'ana manja, osati nkhope. Kenako anati ndikapeze buloko ina, chifukwa yobooka ija inali itatha ntchito.

Buloko ndinaisaka miyezi. Ndinayenda m'malo onse ogulitsa zitsulo zakale, ku Ndirande, ku Limbe, ku Zingwangwa, mpaka ndinaipeza ku Chilobwe, kwa munthu amene ankaigwiritsa ntchito ngati chotsekera khola la abakha. Achikulire anaipala mabowo kuti agwirizane ndi mapisitoni atsopano, anawongolanso malo ogonamo kiranki. Anandionetsa kuyesa kiranki poipachika pa chingwe n'kuigogoda ndi kachitsulo. Yabwino imalira ngati belu la tchalitchi, yosweka m'kati imangoti phu. Yathu inalira nthawi yaitali.

Zotsalazo ndinachita ndekha pansi pa mango. Bulokoyo ndinaitsuka ndi sopo ndi madzi otentha, tinjira tonse ta oyilo ndinapisamo kaburashi ka botolo la mwana, mpaka nsalu yoyera inkatuluka yoyera. Kamchenga kamodzi kokha kakhoza kudya bering'i, ndiye kukachita mphepo ndinkasiya ntchito n'kukulunga zonse m'zitenje zanga. Makonirodi ndinapita nawo kwa mayi wina wa golosale amene anali ndi sikelo yabwino, ndipo yolemera kuposa anzake ndinkaipala pang'onopang'ono mpaka onse analingana. Akasiyana kulemera, injini ikathamanga imadzigwedeza yokha mpaka kudzithyola. Mabering'i ndinawayeza mpata ndi kaulusi ka pulasitiki kamene amakapana pakati n'kuona mmene kaphwatalalira. Awiri anathina kwambiri, ndinabwerera nawo kwa achikulire, ndipo sindinachite manyazi kubwereranso kachiwiri. Maring'i, timphete tozungulira mapisitoni, ndinawapala nsonga kuti akatentha asalumane. Pampu ya oyilo ndinaika yatsopano. M'sampu, beseni losungira oyilo kunsi kwa injini, ndinawotcheretsa timalata totchinga kuti oyilo asamathawire mbali imodzi pokhota.

Sindinganame kuti ndinkaganiza za malemu nthawi zonse. Nthawi zambiri ndinkaganiza za alamu. Bawuti iliyonse ya konirodi ndinkaipaka oyilo, n'kuikoka ndi sipanala yaitali imene achikulire anandibwereka, ndipo ikalira kuti tcha ndinkaona nkhope yawo. Amayi a kumpingo anabwera kudzandiuza kuti mkwiyo umadwalitsa. Ndinawayalira mphasa, ndinawathokoza, atapita ndinabwerera kunsi kwa galimoto. Ine mkwiyo sunandidwalitse. Unkandidzutsa m'mawa, unkandipatsa njala, ndipo ndinanenepa.

Mvula inagwa n'kutha, chimanga cha achimwene chinacha, ine ndikadali pansi pa mango. Tebo ndinaibweza pa mphamvu imene amuna anga ankafuna, yoposa ya kufakitale koma yosapitirira zimene miyendo yatsopanoyo ingasenze. Utoto wa chipani ndinaupala wonse mpaka kufiira kunaonekanso. Achimwene, amene ankayendetsa galimoto ya buledi, anali akundiphunzitsa chiwongolero Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi.

Tsiku loliza injini achikulire anakwera minibasi kubwera ku Machinjiri. Tinayamba taizunguza yosalira mpaka oyilo atafika paliponse. Kenako ndinapotokola kiyi. Inatsokomola kawiri n'kugwira. Achikulire anatsamiritsa sikuludiraiva pa buloko, chogwirira chake n'kuika kukhutu, ndipo anamvetsera nthawi yaitali maso ali chitsinzinire.

"Mulibe mlendo m'menemu," anatero. "Koma musaithamangitse msanga. Iyambe yazolowerana."

Ndinamvera. Kwa milungu ingapo ndinkangoyenda pang'onopang'ono kupita ku Lunzu ndi kubwerera, ngati ndanyamula mazira, n'kusintha oyilo. Tsiku limene ndinaiponda koyamba pa msewu wa ku Zalewa, mpando unandikankha kumsana, mitengo inasanduka mpanda, ndipo kunsi kunali zii, kopanda kugogoda kulikonse. Ndinaima m'mbali mwa msewu. Ndinadziwa kuti nthawi yakwana.

Ndinasankha Loweruka, nthawi imene pagalaja pamadzaza anthu. Ndinavala diresi yanga yabwino ndi duku. Ndinaimika galimoto pa geti penipeni, osazimitsa, n'kuponda mafuta pang'ono kuti tebo iimbe. Okhoma mbaula anasiya nyundo zawo. Alamu anatuluka m'dzenje, ndipo ataona galimotoyo anaima ngati aona malemu.

"Wakumangira ndani?" anafunsa.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Ndikuti wakumangira ndani injini imeneyi?"

"Ndamanga ndekha. Ndi zitsulo zimene abale anu anasiya. Zinalipo nthawi yonseyi, kungoti simunafunse."

Ndinatsegula boneti kuti anthu aone. Mmodzi wa makasitomala athu akale, mwini mathiraki awiri, anawerama n'kumvetsera, kenako anandifunsa kumene ndikugwirira ntchito. Ndinamuuza mokweza, kuti aliyense amve, kuti ndili ku Machinjiri pansi pa mango, ndipo injini imene ndamanga ine siboola buloko pamaso pa anthu. Anthu anaseka, ndipo ulendo uno sankaseka ine. Alamu anagwira chitseko n'kunena kuti galimotoyo ndi ya banja lawo, nditsike. Ndinalowetsa giya, iwo anathamanga nayo masitepe angapo atagwira chitsekocho, kenako anachisiya.

Anapita kwa ankhoswe kukadandaula. Nkhoswe ya kwawo yomwe inawayankha kuti mawu anatuluka pakamwa pawo anthu akumva, ndipo munthu sabweza malovu amene walavula. Nkhani inathera pomwepo.

Makasitomala anayamba kubwera ku Machinjiri mmodzimmodzi. Ena ankabwera ndi injini zimene alamu anaziwononga, ndipo zimenezo ndinkazigwira mosamala kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti mwini wake akabwerera ku Ndirande akalankhula. Sindinawanenere bodza alamu ngakhale kamodzi. Munthu akandifunsa ngati ntchito yawo ndi yabwino, ndinkangomuonetsa zimene ndatulutsa mu injini yake. Pofika chisankho chachiwiri galaja ija inali itasanduka malo ogulitsira makala, minibasi yawo ili pa miyala.

Chaka chimenecho apongozi anga anamwalira. Iwo sanandichitirepo choipa chachikulu, kungoti anakhala chete pamene mwana wawo ankandilanda. Ndinapita ku maliro ku Chiradzulu ndi mwana wanga, ndinagwira ntchito zonse za mkamwana, kutunga madzi ndi kusonkha moto pamodzi ndi amayi ena. Titachoka kumanda mitambo inali itada, ndipo lole imene inabweretsa anthu a m'tauni inali itadzaza kale n'kunyamuka. Kuchokera pamudzipo kukafika pa msewu wa tala ndi mtunda wautali, wokwera.

Ndikutsegula chitseko cha kagalimoto kanga ndinamva munthu kumbuyo kwanga.

"Alamu."

Ndinatembenuka. Anali alamu aja, ataonda, jekete ikulendewera m'mapewa, chipewa chili m'manja.

"Alamu, mwendo wangawu ukuvuta. Mungandithandizeko mpaka pa Limbe pokha?"

Ku mpando wakumbuyo kunali mwana wanga ndi azakhali ena okalamba a ku Bangwe amene ndinawalonjeza malo kale. Mpando wakutsogolo unali wopanda munthu, ndipo iwo ankauyang'ana. Pafupi pamenepo panali thumba la nandolo limene mayi wina wa pamudzipo anandipatsa. Ndinalinyamula, ndinaliika pa mpandowo, ndinalimanga lamba bwinobwino.

"Pepani alamu, malo atha," ndinatero.

Anthu amene anali pafupi anaona. Madontho oyamba anagwa tikutuluka pamudzi. Pagalasi ndinawaona atavala chipewa, akuyamba kuyenda motsimphina m'mbali mwa njira, mpaka pamene tinakhota.

Tinafika pa tala. Kenako azakhali aja anati, "Mwanawe, Mulungu amati tizikhululuka."

"Amatero ndithu, azakhali," ndinayankha.

Mvula inakula, ndinayatsa mawaipa. Patsogolo pathu panali lole ija ikukwawa pa chitunda, anthu atafunda matumba kumutu. Ndinatsitsa giya n'kuipitirira, ndipo tinafika ku Limbe mashopu asanatseke. Azakhali anatsika kukagula mankhwala a mano, ife tinawadikira m'galimoto tikudya chinangwa chootcha.